Mtima wa mnzako ndi tsidya lina

Akuluakulu amene anasiya mawu akuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina anali anthu odziwa madzi. Tsidya lina umaliona ndithu: mitengo yake, utsi wa m'midzi yake, ngakhale ng'ombe zikumwa m'mphepete. Koma kuliona si kupondako. Pamafunika bwato ndi wopalasa wodziwa pamene pali matope ndi pamene njedza zatseka njira. Ambiri amene amanyamuka m'mawa mtima uli m'malo amakakocheza padooko lina, n'kubwerera kukauza anthu kuti anafika.

Ku Mecanhelas, boma la kumwera kwa chigawo cha Niassa ku Mozambique, mwambiwu sufuna womasulira. Kumadzulo kuli nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, ndipo tsidya lake ndi Malawi. Pakati pa nyanja ziwirizi padutsa njanji yochokera ku Nkaya, imene inatsegulidwa mu 1970. Imawoloka malire pa Nayuchi, kulowa pa Entre Lagos, kupitirira ku Cuamba mpaka kudoko la Nacala. Anthu a mbali ziwirizi amakwatirana, amagulitsana matemba ndi mpunga, amaikana maliro. Chinyanja, Chilomwe ndi Chiyao zimamveka pamsika umodzi, Chipwitikizi n'kumadikira kusukulu ndi ku ofesi.

Pamalire amenewa pali chinthu chimene kholo la mwana wasukulu aliyense limachidziwa. Mwana wa ku Nayuchi akalemba mayeso a MSCE n'kupeza 1 pa masamu, pakhomo pamamveka nthungululu, chifukwa ku Malawi 1 ndiye pamwamba ndipo 9 ndiko kulephera. Msuweni wake wa ku Insaca, likulu la Mecanhelas, akabwera ndi 1 amalowa m'nyumba mozemba, pakuti ku Mozambique amawerenga kuchokera pa 0 kufika pa 20 ndipo kukhoza kumayambira pa 10. Nambala ndi yomweyo, mtunda wake ndi woyenda panjinga, koma kwina ndi chikondwerero, kwina ndi misozi. Nambala payokha ilibe kumene ikuloza. Munthu ndiye amaiuza kuti kumtunda ndi uku, ndipo akaiwala kuiuza, kapena akaiuza kawiri, imanama popanda kuphethira.

Manambala otere sathera kusukulu. Chaka ndi chaka kumidzi ya Mecanhelas kumabwera anthu ofunsa mafunso. Ena ndi a boma, monga a Instituto Nacional de Estatística amene anayenda khomo ndi khomo pa kalembera wa 2017. Awo amafunsa zowerengeka: muli angati m'nyumba muno, denga n'la udzu kapena la malata, madzi mumatunga kuti. Koma ena, a mabungwe a zaumoyo, a zaulimi, a sukulu zaukachenjede, amafuna kuwolokera kumtima kwenikweniko. Amafuna kudziwa ngati mayi amakhulupirira anamwino, ngati mlimi wa fodya akukhutira ndi mtengo, ngati mtsikana amadziona kuti ndi munthu wofunika. Zinthu zotere zilibe sikelo ya pamsika, choncho anazipangira yakeyake.

Anaipanga ndi Rensis Likert wa ku America mu 1932. Umawerengera munthu chiganizo, iye n'kusankha limodzi mwa mayankho asanu: sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe, sindikugwirizana nazo, ndili pakatikati, ndikugwirizana nazo, ndikugwirizana nazo kwambiri. Yankho loyamba limalembedwa 1, lomaliza 5. Popeza chiganizo chimodzi sichingayeze mtima, pamakhala zingapo zozungulira nkhani yomweyo, ndipo manambala ake amaphatikizidwa kapena kupezedwa avereji. Likert yemweyo analangiza kuti ziganizozo zisamaloze mbali imodzi zonse, koma zina zikhale zoyamikira, zina zodzudzula. Chifukwa chake n'chakuti pali anthu amene amangovomera chilichonse chimene awerengeredwa, khalidwe limene Lee Cronbach analifotokoza bwino mu 1946. Mndandanda wotchuka wa Morris Rosenberg wa 1965, woyeza mmene munthu amadzionera, unatsata langizo limeneli: pa ziganizo zake 10, zisanu zimamukweza munthuyo, zisanu zimamuchepetsa.

Apa m'pamene pamabadwira ntchito ya munthu wa pakompyuta, amene mwina ali ku Lichinga, mwina ku Maputo, mwina kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo ku Chiuta sanapondeko. Tinene kuti pafomu pali ziganizo ziwiri. Choyamba chikuti anamwino a pachipatala chathu amalandira odwala mwaulemu. Chachiwiri chikuti anamwino a pachipatala chathu sasamala za odwala. Bambo wokhutira ndi chipatalacho avomereza choyamba kwambiri, alembedwa 5. Chachiwiri achikana kwamtuwagalu, alembedwa 1. Ukaphatikiza 5 ndi 1 n'kugawa pawiri, ukupeza 3, ndiye kuti munthu amene wayamikira kawiri konse waoneka ngati alibe mbali. Kuti mayankho ake aloze kumodzi, nambala ya chiganizo chachiwiri iyenera kutembenuzidwa: 1 akhale 5, 2 akhale 4, 4 akhale 2, 5 akhale 1, ndipo 3 akhale pomwe ali.

Masamu ake ndi a mwana wa pulayimale. Umaphatikiza nambala yaing'ono ya sikelo ndi yaikulu, kenako n'kuchotsapo yankho la munthuyo. Pa sikelo ya 1 mpaka 5 umachotsa pa 6. Pa ya 1 mpaka 7 umachotsa pa 8. Pa ya 0 mpaka 4 umachotsa pa 4. Mu pulogalamu ya Stata ndi mzere umodzi wokha: generate q7r = 6 - q7. Mu SPSS amalemba RECODE q7 (1=5) (2=4) (3=3) (4=2) (5=1) INTO q7r. Mu R kapena mu Excel n'chimodzimodzi. Chala chikangodina, mayankho a anthu chikwi atembenuka nthawi yomweyo.

Sikuti kutembenuza kumafunika pa ziganizo zodzudzula zokha. Kafukufuku wa Afrobarometer, amene anayamba mu 1999 ndipo amafika ku Malawi ndi ku Mozambique, akafunsa ngati munthu amakhulupirira apolisi kapena makhothi, 0 amatanthauza kuti sawakhulupirira konse ndipo 3 ndiye kuwakhulupirira kwambiri. Kafukufuku wa World Values Survey, pa funso lofanana nalo, amaika 1 pa chikhulupiriro chachikulu ndi 4 pa kusakhulupirira konse. Woika ziwirizi patebulo limodzi osatembenuza chimodzi adzalengeza kuti anthu okonda apolisi ndiwo odana nawo.

Ine ndimaona kuti kupepuka kwa ntchitoyi ndiko kuopsa kwake. Ntchito yolemera munthu amaikonzekera. Yopepuka amaigwira akucheza. Ndipo mbuna zake zili pamalo pomwe maso sayang'ana. Pafupifupi fomu iliyonse ili ndi nambala ya munthu amene wati sindikudziwa ndi ya amene wakana kuyankha. Kawirikawiri amakhala 9 ndi 8, kwina 99 ndi 98. Amenewa si mayankho a pa sikelo, ndi zizindikiro chabe, koma kompyuta siidziwa zimenezo ukapanda kuiuza. Ukachotsa 9 pa 6 ukupeza -3. Ukachotsa 99 ukupeza -93. Pamudzi pamene afunsidwa anthu 50, ndipo 49 avereji yawo ili pa 3, gogo mmodzi woona mtima amene anati sindikudziwa, mwana wanga, akasanduka -93 amagwetsa avereji ya mudzi wonse kufika pafupi ndi 1. Lipoti lidzati mudziwo ndi wokwiya kwambiri, pamene chimene chinachitika n'chakuti munthu mmodzi anakana kunama.

Pali ina yobisika kuposa iyi. Ena, pofuna kufulumira, amauza kompyuta kuti ipeze yokha nambala yaikulu m'mayankho n'kuigwiritsa ntchito potembenuza. Koma ngati pamudzipo palibe amene anasankha 5, kompyuta idzaona 4 ngati denga, ndipo mayankho onse adzatsika ndi sitepe imodzi. Denga la sikelo lili pafomu, osati m'mayankho. Palinso nkhani ya mayina. Mu Stata ndi mu SPSS nambala imasungidwa payokha, dzina lake palokha. Ukatembenuza manambala m'kolamu yomweyo n'kusiya mayina akale, tebulo lidzatuluka laukhondo, lolembedwa bwino kuti anthu ochuluka akugwirizana nazo kwambiri, pamene amenewo ndi amene anakana. Ndipo kutembenuza kawiri n'kubwerera pomwe unayambira: wina atembenuza ku Lichinga osalemba paliponse, mnzake ku Maputo alandira fayilo, awerenga fomu, aona chiganizo chodzudzula, atembenuzanso. Aliyense wagwira ntchito yake mokhulupirika. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sakhudza kolamu yoyamba. Amapanga yatsopano, amaipatsa dzina losonyeza kuti yatembenuzidwa, amaika ziwirizo patebulo limodzi kuti aone ndi maso kuti 1 aliyense wasanduka 5, ndipo amalemba zimene achita pamalo pomwe wobwera m'mbuyo adzaziona.

Wina asaganize kuti izi zimagwera ophunzira okha. Mu 2012 magazini ya American Journal of Political Science inasindikiza kafukufuku wa Brad Verhulst, Lindon Eaves ndi Peter Hatemi wokhudza khalidwe la munthu ndi maganizo ake pa ndale. Mu 2016 inatulutsa chikonzero chonena kuti manambala a maganizo andale anawerengedwa chozondoka, moti khalidwe louma mtima limene linapachikidwa pa anthu okonda kusunga zakale linali la mbali inayo. Ena anali atatchula kale zotsatirazo m'zolemba zawo. Mu 2018 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa ku Johns Hopkins wa odwala 240 a matenda a m'mapapo, wonena kuti njira yatsopano yowasamalira inachepetsa kubwerera kuchipatala. Chaka chotsatira eni ake anazindikira kuti posintha manambala a magulu awiri a odwalawo anawasemphanitsa. Analengeza okha, nkhaniyo inachotsedwa n'kusindikizidwanso, ndipo zoona zake zinali zakuti njirayo inachulukitsa kubwerera kuchipatala. Ulemu upite kwa iwo chifukwa chosabisa.

Komabe zonse ndatchulazi ndi zokonzeka. Munthu wodekha, wokhala ndi fomu pambali pa kompyuta, akhoza kuzipewa zonse. Chimene chimandisowetsa mtendere n'china, ndipo chimachitika manambala asanafike pakompyuta n'komwe.

Mnyamata wofunsa mafunso wafika pamudzi wina kufupi ndi Chiuta. Wayamba wadzera kwa mfumu, monga mwa mwambo. Wavala baji pachifuwa, tabuleti ili m'manja, njinga yamoto waiimika pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina wachikulire wasiya lichero la mpunga umene amapeta, wamuyalira mphasa, iye n'kukhala pansi chapatali pang'ono. Mafunso alembedwa m'Chipwitikizi, ndiye mnyamatayo akuwamasulira pomwepo.

"Amayi, ndikuwerengerani mawu, inu mundiuze ngati mukugwirizana nawo. Anamwino a pachipatala chathu amalandira odwala mwaulemu."

"Eee, amatilandira, mwanangu."

"Pang'ono kapena kwambiri?"

"Kwambiri."

Wadina 5. Padutsa mafunso ena a mtunda wopita kuchipatala ndi a mankhwala a malungo. Kenako afika pa chiganizo chija.

"Anamwino a pachipatala chathu sasamala za odwala."

Mayiyo akhala chete. Ayang'ana tabuleti, ayang'ana baji, akonza chitenje pamaondo.

"Ndi momwemo, bambo."

"Kwambiri?"

"Eee."

Wadinanso 5, n'kupita pa funso lotsatira, poti tsikulo ali ndi makomo ena oti ayende dzuwa lisanapendeke.

Tsopano fayilo ifike kwa munthu wa pakompyuta, ndipo akhale katswiri weniweni. Wachotsa 9 ndi 8, wapanga kolamu yatsopano, wakonza mayina, walemba zonse. Yankho lachiwiri la mayi uja latembenuka, 5 wasanduka 1. Avereji yake ndi 3. Palibe cholakwika m'masamu. Koma 3 ameneyu akutanthauza kuti mayiyo ali pakatikati, kuti chipatala sichimusangalatsa komanso sichimudandaulitsa, pamene iye sananene zimenezo. Iye ananena inde kawiri, ndipo pakati pa mayankho awiriwo mwanangu anasanduka bambo. Amene anakhala pamphasa paja akanatha kumva kuti china chake chatsekeka. Tabuleti ilibe malo olembapo zimenezo.

Apa m'pamene njira ya Likert imakwanitsa theka lokha la lonjezo lake. N'zoona kuti kutembenuza kumaletsa wongovomera kukweza avereji ya gulu, ndipo pa chifukwa chimenechi njirayi ndi yabwino. Koma sikumatiuza zimene munthuyo amaganiza. Kumangomusuntha kumuika pakati, pamodzi ndi amene alidi pakati, ndipo akafika pamenepo sasiyanitsikanso. Mayi amene mwina anatayapo mdzukulu atadikira tsiku lonse pabenchi, kapena amene mwina amawakonda anamwinowo ngati ana ake, walembedwa kuti alibe mawu. Bwato linanyamukadi, koma lakocheza pachilumba cha pakati pa nyanja, ndipo wopalasa wabwerera ndi nkhani yakuti kutsidyako kulibe anthu.

Chifukwa chiyani anavomera zonse? Ena amafulumira kunena kuti ndi umbuli, kuti anthu akumudzi samvetsa mafunso. Ine ndikukana. Mayi amene amasunga m'mutu ngongole za anthu asanu m'makwacha ndi m'metikali nthawi imodzi si munthu wolephera kumva chiganizo cha mawu asanu ndi awiri. Chimene iye akuyankha si chiganizocho, koma munthu amene wachinena. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sukangana naye, umamusangalatsa apite bwino. Kwathu kutsutsa mlendo maso ndi maso, pamphasa yako yomwe, ndi mwano. Ndipo mawu akatuluka m'kamwa mwa munthu wa baji, amamveka ngati ndi maganizo ake kapena a amene anamutuma. Akati anamwino ndi aulemu, ndiye kuti akuluakulu atero. Akati sasamala, ndiye kuti mwina akudziwa zimene ife sitikuzidziwa, ndipo ndine yani kuti ndimutsutse?

Palinso mbiri. Dera la Niassa linakhala m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo munthu wobwera kudzawerenga nyumba ankabwera chifukwa cha msonkho. Pambuyo pake kunabwera ulimi wokakamiza wa thonje, ndi mabuku ake olembamo mayina. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo kumeneko chimene unauza munthu wa pepala ndicho chinkaweruza kuchuluka kwa ufa wa banja lako. Mibadwo itatu kapena inayi yaphunzira kuti yankho lopatsidwa kwa wolemba limakhala ndi zotsatira zake, zabwino kapena zoipa, ndipo sudziwiratu kuti ndi ziti. Wofunsa angayambe ndi mawu akuti palibe yankho lolondola kapena lolakwika, ndipo ayenera kutero, koma chiganizo chimodzi sichifafaniza zimene agogo anaona.

Ngakhale mayiyo akanafuna kunena zakukhosi, chiganizo chokana chili ndi msampha wakewake m'chilankhulo chathu. Ukafunsa ana kuti simunadye, wina ayankha kuti inde, wina ayankha kuti ayi, ndipo onse awiri ali ndi njala. Woyamba akuvomereza mawu ako, wachiwiri akukana kudyako. Pocheza sitisokonezeka chifukwa timamaliza chiganizo: ayi, sitinadye. Koma wofunsa wothamangira makomo ena akamva ayi pa mawu akuti anamwino sasamala, sadziwa ngati ndi ayi, sasamaladi, kapena ayi, amasamala. Akapanda kufunsitsa, adina mwa kuganiza kwake, ndipo kuganiza kwakeko mwina kukuchitika m'Chipwitikizi cha pafomu. Safunsa adadya phula, koma apa wodya phulayo si wofunsa. Ndi anthu amene adzalandire thandizo lolingana ndi lipotilo.

Ndiye palinso wofunsa waulemu, amene amachita manyazi kunena pamaso pa munthu wamkulu kuti anamwino sasamala, makamaka podziwa kuti namwinoyo ndi mpongozi wa wina pamudzi pomwepo. Iye amaliwongola funsolo: amayi, anamwino amakusamalani? Mayi ati inde. Wofunsa wochenjera atembenuza m'mutu n'kudina 1. Wotopa adina 5. Choncho pofika pakompyuta, mayankho ena a m'kolamu imodzimodziyo anatembenuzidwa kale pansi pa mtengo wa mango, ena ayi, ndipo mzere uja wa 6 - q7 umawagwira onse mofanana.

Izi si zongoganizira. Mu 2005 David Schmitt ndi Jüri Allik anafalitsa zotsatira za mndandanda wa Rosenberg uja utayesedwa m'mayiko 53, ndipo anapeza kuti ziganizo zomuchepetsa munthu zinkamveka mosiyana m'mayiko osiyanasiyana. Chimodzi mwa izo, chonena za kulakalaka kudzilemekeza koposa, chinavuta kwambiri. Mwini wake anachilemba ngati chizindikiro cha munthu wodziderera, choyenera kutembenuzidwa, koma m'mayiko ena anthu odzidalira ndiwo ankachivomereza, pochimva ngati khumbo labwino la munthu wofuna kukula. Kutembenuza yankho lotere ndi kulanga munthu chifukwa cha chiyembekezo chake. Mu 2019 Rachid Laajaj, Karen Macours ndi anzawo anaunika mayankho a mafunso a khalidwe ochokera m'mayiko 23 osauka ndi apakatikati, ofunsidwa pamaso ndi pamaso, ndipo anaona kuti mafunsowo sankayeza bwino zimene anapangidwira. Mwa zifukwa zimene anatchula panali kungovomera kuja ndi mmene wofunsa amayendetsera macheza.

Pali chida chimene ambiri amadalira kuti chiwachenjeze, nambala yotchedwa alpha imene Cronbach anaifotokoza mu 1951. Imasonyeza ngati ziganizo za gulu limodzi zikuyendera limodzi. Ukaiwala kutembenuza chimodzi, alpha imagwa, nthawi zina mpaka pansi pa 0, ndipo SPSS imakuuza kuti uonenso manambala ako. Chida chabwino ndithu. Koma lamulo la alpha mu Stata, ukapanda kuliletsa ndi mawu akuti asis, limaona lokha chiganizo chimene chikusemphana ndi zinzake n'kuchitembenuza powerengera. Wosadziwa zimenezi amaona alpha yokongola n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino, pamene kolamu imene akugwiritsa ntchito m'lipoti idakali chozondoka. Choopsa china n'chakuti munthu amayamba kulola kompyuta kumusankhira choti atembenuze. Mbali imene chiganizo chikuloza iyenera kudziwika kuchokera pa tanthauzo lake, mayankho asanaonedwe. Ngati watembenuza molondola koma chiganizocho chikukanabe kuyendera limodzi ndi zinzake, imeneyo ndi nkhani yochokera kumudzi, yokuuza kuti anthu anamva china. Kuchitembenuza kuti alpha ikwere n'kutseka pakamwa mboni yokhayo imene inabwera.

Sindikuti kafukufuku wa maganizo asiyidwe. Boma ngati Mecanhelas, lakutali ndi Maputo komanso ndi Lichinga yemwe, lili ndi njira zochepa zoti mawu a mayi wa ku Chiuta afike kwa ogawa ndalama, ndipo fomu ndi imodzi mwa izo. Chifukwa chake iyenera kupangidwa ndi mantha oyenera. Lipoti likati 3, palibe amene amanyamuka pampando: palibe woyamikiridwa, palibe chokonzedwa, ndalama zimapita kumene nambala yafuula.

Njira zabwinopo zilipo kale. M'malo mowerengera munthu chiganizo kuti avomereze kapena akane, mufunseni funso lenileni: anamwino amakulandirani bwanji, bwino kwambiri, bwino, pakatikati, moipa, kapena moipa kwambiri? Pamenepo palibe mawu a mlendo oti awatsutse, pali zosankha zokha. Afrobarometer pa mafunso ena imawerenga maganizo awiri osemphana n'kupempha munthu asankhe oyandikana ndi ake, ndipo kusankha pakati pa alendo awiri n'kopepuka kusiyana ndi kutsutsa mmodzi. Pamene chiganizo chodzudzula chikufunikadi, chikhale chopanda mawu okana: anamwino amakalipira odwala, m'malo mwa anamwino sasamala. Kumasulira kuchitike fomu isanachoke mu ofesi, m'Chinyanja, m'Chilomwe ndi m'Chiyao, kulembedwe, kuyesedwe pa anthu a ku Insaca komweko, kuti ofunsa onse anene mawu amodzi.

Ndipo kwa munthu wa pakompyuta ndili ndi pempho limodzi loposa onse. Asanalembe mzere wotembenuza, awerenge kaye kuti ndi anthu angati anavomereza ziganizo zosemphana zonse ziwiri. Ndi tebulo laling'ono, la mphindi zochepa. Aligawe potengera wofunsa, potengera chilankhulo cha macheza, potengera amuna ndi akazi, ndi amene anapita kusukulu ndi amene sanapite. Akapeza kuti wofunsa mmodzi ali ndi ovomera zonse ochuluka kuposa anzake, amuimbire foni amufunse mmene ankanenera funsolo. Nambalayo ilembedwe m'lipoti poyera, pambali pa avereji, kuti wowerenga adziwe kuti mwa anthu a pa 3 aja ndi angati amene alidi pakati. Ndipo midzi imene nambalayo yakula ibwereredwe ndi munthu wodziwa chilankhulo cha pamenepo, wopanda changu, akafunse mwa njira ina. Kubwerera kumadya mafuta a njinga yamoto ndi malipiro a masiku ena, ndipo m'dzinja misewu ya kumadambo a Chiuta imavuta. Ndalama imeneyo ilembedwe mu bajeti tsiku lomwelo limene akulemba ya matabuleti.